Mankhwala Ochepetsa Thupi: Kodi Munthu Wanzeru Amawaona Motani?

MU October 2023, anthu angapo ku Austria anagonekedwa m'chipatala pambuyo podzibaya jekeseni imene anaiyesa Ozempic. Shuga wa m'mwazi wawo anatsika mowopsa, pakuti mankhwalawo anali achinyengo. Mu June 2024, bungwe la World Health Organization linachenjeza za mankhwala onama amtundu umodzimodziwo opezedwa ku Brazil, Britain, ndi United States. Kodi nchiyani chimasonkhezera munthu kuika moyo wake pachiswe kaamba ka kuonda?

Kunenepa mopambanitsa kulidi nthenda. Mu 2022, anthu oposa 1 biliyoni padziko lonse anali nayo, ndipo kaŵirikaŵiri imatsagana ndi matenda a shuga, a mtima, ndi kuthamanga kwa mwazi. Chotero, kukakhala kupanda chifundo kuweruza munthu womwa mankhwala monga waulesi kapena wosusuka. Choloŵa chakumtundu, matenda ena, ndiponso mankhwala ena zingachititse thupi kukula ngakhale kwa munthu wodziletsa pakudya.

Zimene Mankhwalawo Amachita

Semaglutide, amene amagulitsidwa monga Ozempic kwa odwala shuga ndi Wegovy kwa onenepa, amabayidwa kamodzi pamlungu. Amatsanzira homoni ya m'matumbo yotchedwa GLP-1, imene imachedwetsa chakudya kuchoka m'mimba ndi kudziŵitsa ubongo kuti munthu wakhuta. Pakufufuza kwina kwa milungu 68, obayidwawo anataya pafupifupi 15 peresenti ya kulemera kwawo. Komabe, awo amene analeka mankhwalawo anabwezeretsa pafupifupi zigawo ziŵiri mwa zitatu za makilogalamu otayikawo m'chaka chimodzi chokha.

Ndiponso, pali zovuta zake: mseru, kusanza, kutseguka m'mimba, kudzimbidwa, ndipo mwakamodzikamodzi miyala ya m'ndulu kapena kutupa kwa kapamba. Mkazi wapakati sayenera kuwagwiritsira ntchito, ngakhalenso munthu amene m'banja mwawo muli mtundu wina wa kansa ya chithokomiro. Mbiri yakale imalimbikitsanso kusamala. Fenfluramine anachotsedwa pamsika ku United States mu 1997 atapezedwa kuti amawononga mavavu a mtima, ndipo sibutramine analetsedwa ku Ulaya mu 2010 chifukwa chowonjezera ngozi ya nthenda ya mtima ndi sitiroko. Onse aŵiriwo anali atavomerezedwa ndi kutamandidwa poyamba.

Mafunso Atatu a Chikumbumtima

Loyamba likukhudza cholinga. Madokotala amalembera Wegovy munthu amene chiŵerengero chake cha BMI chafika 30, kapena 27 ngati alinso ndi nthenda yonga shuga. Mwachitsanzo, munthu wamtali mamita 1.7 wolemera makilogalamu 87 ali pa 30. Koma bwanji za mkazi wathanzi labwino amene angofuna kuti diresi laukwati limkwane? Iye amalandira ngozi zonse za mankhwalawo popanda nthenda imene iwo akuchiza. Thupi lowonda limatamandidwa ku London pamene kuli kwakuti m'midzi yambiri ya mu Afirika kunenepa kwaonedwa monga chizindikiro cha mtendere. Kodi muyezo wosinthasintha motero ngwoyenera kuikira moyo pangozi?

Lachiŵiri likukhudza kuona mtima. Ena awonjezera makilogalamu awo polemba mafomu a masitolo a mankhwala a pa intaneti, kapena abisa matenda awo akale. Ena amabwereka jekeseni ya mbale wawo. Wonamayo amalingalira kuti wapusitsa dokotala, koma m'chenicheni wachotsa munthu yekhayo amene akanamtetezera. Dokotala wodziŵa choonadi amayamba ndi mlingo waung'ono, naukweza pang'onopang'ono m'kati mwa miyezi ingapo, nalingaliranso mankhwala ena amene wodwalayo akumwa.

Lachitatu likukhudza mnansi. Kuyambira mu 2022 kufikira mu 2024, Ozempic anasoŵa m'maiko ambiri, ndipo akuluakulu a zaumoyo ku Australia ndi ku Britain anapempha madokotala kuti awasungire odwala shuga. Pamene mankhwala ali ochepa, wogula wopanda nthenda angakhale akulanda wodwala amene sadzamuona nkomwe. Mutu wa banja ayeneranso kuŵerengera mtengo, popeza kuti mankhwalawo ngokwera mtengo ndipo angafunikire kwa zaka zambiri. Kodi ana adzasoŵa fizi kapena chakudya kaamba ka iwo?

Munthu amene dokotala wake wamupima, amene wanena zoona zokhazokha, amene amagula pasitolo yamankhwala yololedwa ndi boma, ndi amene akuwongoleranso kadyedwe kake ndi kulimbitsa thupi, alibe chifukwa chochitira manyazi. Nawonso achibale ndi mabwenzi ake angachite bwino kuleka kumnyodola, kaya ponena za kukula kwa thupi lake kapena za chithandizo chimene wasankha, pakuti kaŵirikaŵiri mawu onyoza ndiwo amathamangitsira anthu kwa ogulitsa mankhwala achinyengo.