Chikuyenda n'chiyani, Ilala kapena Likoma?

Kukucha pa Likoma, nyanja ili phee. Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ikamanyamuka kulowera ku Chizumulu, mwana woima pamwamba pake amaona milambe ya pachilumba ikubwerera m'mbuyo. Amayi ake pagombe amaona sitima ikupita. Onsewa akuona zoona, pakuti kuyenda kwa chinthu kumayezedwa poyerekeza ndi chinzake.

Wasayansi Galileo analemba zimenezi mu 1632: m'chipinda cha chombo choyenda mosagwedezeka, madontho a madzi amagwa molunjika ngati kuti chombocho chaima. Chimene thupi limamva ndi kusintha kwa liwiro kapena kukhota basi. N'chifukwa chake mwera ukawomba, mafunde n'kuyamba kukankha Ilala, thumba la usipa limatsetsereka, apaulendo n'kugwiritsitsa zitsulo.