Kodi Zolengedwa Zikhoza Kuphunzitsa Munthu Cabwino ndi Coipa?

Mlimi wa ku Katete kapena wa ku Petauke amene ali ndi mtengo wa msangu m'munda mwace adziwa cozizwitsa ca mtengowo. Mitengo yina iphuka masamba pakudza kwa mvula, koma msangu uyoyola masamba ace nthawi yomweyo, kotero kuti cimanga ca pansi pace cilandira dzuwa, ndipo masamba ogwawo asanduka manyowa. M'malimwe, udzu utauma, mtengo womwewo upatsa ng'ombe ndi mbuzi mthunzi ndi cakudya. Munthu wopenya izi sacedwa kunena kuti mtengo uwu unapangidwira nchito. Ndipo posinkhasinkha afika pa funso lalikulu: ngati colengedwa ciri conse ciri ndi colinga cace, kodi munthu sangathe kuwerenga m'zolengedwamo cimene Mlengi afuna kuti iye acite?

Akristu ambiri anzeru anayankha kuti inde. Woposa onse anali Thomas Aquinas wa ku Italy, amene anamwalira m'caka ca 1274. Iye anaphunzitsa kuti Mulungu anaika mwa munthu zilakolako zacibadwa: kusunga moyo wace, kubala ndi kulera ana, kudziwa coona ca Mulungu ndi kukhala pamodzi ndi anzace. Nzeru ya munthu ikayang'ana zilakolako izi izindikira kuti kupha, cigololo ndi bodza ziononga cimene munthu analengedwera. Civomerezo ca Cikhulupiriro colembedwa ndi Guido de Brès m'caka ca 1561, cimene mipingo ya Reformed icisunga, cifanizira zolengedwa ndi buku loonetsa Mulungu. Mtumwi Paulo nayenso, m'mutu waciwiri wa kalata ya kwa Aroma, anena za amitundu amene analibe cilamulo ca Mose, koma cikumbu mtima cao cinawatsutsa ndi kuwakanira. Ciphunzitso ici ciri ndi mphamvu, pakuti cimasulira cinthu cimene nkhalamba iri yonse ya m'mudzi icidziwa: makolo a Acewa, Ansenga ndi Angoni analanga mbala ndi wacigololo, nalera amasiye, mmishoni woyamba asanafike ku Magwero m'caka ca 1899.

Koma buku la zolengedwa liri ndi masamba ena. Alenje a uci akonda mbalame ya nsadzu, imene ilirira munthu nimtsogolera ku mphako ya njuci, ndipo mlenje wabwino aisiyira malesa. Ena angaiyese citsanzo ca kuthandizana. Koma nsadzu siimanga cisa cace. Iikira dzira lace m'cisa ca mbalame yina, ndipo kawiri kawiri iboola mazira a mwini cisa. Mwana wace aswedwa wosapenya, ali ndi timbedza takuthwa ku nsonga ya mlomo, ndipo ndi timbedzato aluma ana a mwini cisa kufikira atafa, kuti cakudya conse cikhale cace. Akatswiri a mbalame anajambula zimenezi m'zisa za pafupi ndi Choma, nazilengeza m'caka ca 2011. Timbedzato tiri ndi colinga coonekeratu monga masamba a msangu. Nchito yace ikatha tithothoka. Momwemonso kaufiti: njere zace zigona m'nthaka zaka zambiri, osamera kufikira zitamva kuti muzu wa cimanga kapena wa mapira wafika pafupi, ndipo pamenepo zimera ndi kuuyamwa. Nzeru yace ndi yodabwitsa, ngakhale mlimi aitemberera.

Tsono ndani auza munthu kuti atsanze msangu ndi kuleka kaufiti? Zonse ziwiri zimera m'munda umodzi, ndipo mundawo sunena kanthu. Wosankha msangu aonetsa kuti anafika m'mundamo ali nao kale muyeso wa cabwino ndi coipa. Ici ndico David Hume wa ku Scotland anacipenya m'zaka za 1739 ndi 1740: kuti kunena momwe zinthu ziliri sikufikitsa munthu pa kunena momwe ayenera kucitira. Ndipo Charles Darwin, m'caka ca 1859, anaonetsa kuti ziwalo za nyama ndi za zomera zikhala zoyenerera nchito yace cifukwa zimene zinathandiza kupulumuka ndi kubala ndizo zinapitirira ku mibadwo yotsatira. Mkristu akhoza kuona dzanja la Mulungu m'njira imeneyi, monga Akristu ambiri acita. Koma colinga cotere ndico kusunga mbeu ya colengedwaco, si cilungamo ai. Malembo omwe sabisa ici: Genesis anena za minga ndi mitula yomera m'nthaka yotembereredwa, ndipo Paulo anena kuti zolengedwa zibuula, kulindira ciomboledwe.

Otsata Aquinas ayankha kuti iwo sanena za cibadwa ca mbalame, koma ca munthu, amene ali ndi nzeru. Yankho ili ndi loona ndithu, koma silitha mlandu. Pakuti mwa munthu yemweyo muli cifundo ndi nsanje, kuleza mtima ndi kulipsira, ndipo zonsezi abadwa nazo; nzeru yoweruza pakati pa izo nayonso ipotozedwa ndi kudzikonda.

Mbiri ya Eklesia isonyeza mtengo wace wa kupotoza kumeneku. Ku Germany, m'masiku a Hitler, Akristu ena anati mwazi ndi mtundu ndiwo malamulo a Mulungu olembedwa m'cilengedwe. Abusa ena anawakana pa msonkhano wa ku Barmen m'caka ca 1934, ndipo caka comweco Karl Barth anatsutsa mnzace Emil Brunner mwaukali pa nkhani yomweyi. Pafupi ndi kuno, sinodi yaikulu ya Dutch Reformed Church ya ku South Africa, mpingo umene unatuma amishoni ku Magwero ndi ku Madzimoyo, inavomereza m'caka ca 1974 kuti kusiyana kwa mitundu kuloleza kuipatula. Anthu akuda anasamutsidwa m'malo ao, mabanja nagawanika, alaliki ali kuloza ku dongosolo la cilengedwe. Akristu ozunzika ndi ciphunzitsoco anacikana m'Civomerezo ca Belhar, colandiridwa m'caka ca 1986, ndipo maziko ace anawatenga mu Uthenga Wabwino wa kuyanjanitsidwa mwa Kristu.

Cifukwa cace zolengedwa ziyenera kuyesedwa mboni, koma mpando wa woweruza suli wao. Mboni iyenera kumveka: thupi la munthu licitira umboni kuti kuledzera kuliononga, nthaka icitira umboni kuti kutentha tchire caka ndi caka kuisaukitsa, ndipo mwana wosiyidwa aonetsa cifukwa cace ukwati uyenera kukhazikika. Koma lamulo lakuti munthu akonde mdani wace, nakhululukire womlakwira, silinalembedwe pa tsamba liri lonse la m'thengo.

Nkhani iyi ifika kawiri kawiri pa bwalo la akulu a mpingo. Mwamuna adza nanena kuti colinga ca ukwati ndico ana, ndipo popeza mkazi wace sanabale zaka zisanu ndi ziwiri, afuna kumcotsa. Atenga mau ace m'cilengedwe, ndipo abale ace avomerezana naye. Akulu akadayesa mlanduwo ndi cilengedwe cokha, akadasowa comuyankha, kupatula kumkumbutsa kuti kusabala kupezeka mwa amuna monga mwa akazi. Koma iwo amfunsa za pangano limene anacita pamaso pa Mulungu ndi mpingo, pamene panalibe mau akuti adzamsunga pokha pokha akabala. Amkumbutsanso za Elikana, amene anakonda Hana m'zaka zonse za kusabala kwace, ndi za Zakariya, amene anakalamba pamodzi ndi Elisabeti m'nyumba yopanda mwana.