Kodi Ulemu wa Munthu Uli M'tsitsi?

Tsiku la msika pa Kamwendo, m'boma la Mchinji, pamaoneka mitu yamitundumitundu. Pali anyamata ometa mpala mwakufuna kwawo, amayi oluka mwaluso, agogo a imvi, ndiponso abambo ena amene savula chipewa ngakhale dzuwa litalowa, chifukwa kunsi kwake kuli dazi. Mphepo ikaulutsa chipewacho ana amafa nazo nseko. Nsekozi zimaoneka zazing'ono, koma zimatifunsa funso lalikulu: kodi tsitsi likachoka, limatenganso ulemu wa mwini mutu?

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'thupi. Pamutu pa munthu pamakhala tsitsi lokwana pafupifupi 100,000, ndipo kuthothoka kwa tsitsi 50 mpaka 100 patsiku si matenda, pakuti lina limamera m'malo mwake. Dazi la abambo ambiri ndi lakumtundu. Mphamvu ina ya m'thupi, yotchedwa DHT, imafooketsa mizu ya tsitsi pang'onopang'ono, kuyambira pachipumi ndi paliwombo, kufikira tsitsilo litasiyiratu kumera. Mankhwala odzola monga minoxidil amachedwetsa zimenezi, koma munthu akangowasiya, dazi limapitiriza ulendo wake.

Komatu si kuthothoka konse kumene kuli kwakumtundu. Mayi amene wangochira kumene, kapena munthu amene wadwala malungo aakulu, amapeza tsitsi likutsalira m'chipeso patapita miyezi iwiri kapena itatu, ndipo kawirikawiri limameranso lokha. Mwana wosowa zakudya zomanga thupi tsitsi lake limafiira ndi kupepuka. M'boma lolima mtedza ndi soya ngati Mchinji, mankhwala ake oyamba ali m'nkhokwe, malinga zokolola zonse zisathere kwa mavenda. Chipere chapamutu chimatha ndi mankhwala akumwa akuchipatala. Atsikana oluka mokoka kwambiri amatha tsitsi la m'mbali mwa chipumi, ndipo akachedwa kuleka silibwereranso. Choncho nzeru yoyamba ndi kusiyanitsa chochizika ndi chosachizika. Chochizika tithamange nacho kuchipatala. Chosachizika tisatayirepo ndalama za feteleza pogula mafuta a m'mabotolo opanda dzina.

Vuto lalikulu, komabe, silili pamutu pa wadaziyo ayi, koma m'maso mwa omuyang'ana. Anthufe timakonda kuwerenga tsitsi la mnzathu ngati kalata yonena za khalidwe lake. M'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, kuyambira m'zaka za m'ma 1970, lamulo lidaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo alendo ofika pazipata za dziko lino, monga cha ku Mchinji, ankayenera kuyamba ameta asanalowe. Tsitsi lokha linkaweruza munthu. M'zaka za m'ma 1990, Edzi itafika povuta, munthu tsitsi likangopepuka anthu ankanong'onezana kuti watenga kachilombo, ngakhale asanayezedwe. Ambiri adasalidwa pa nthawi imene ankafuna dzanja la mbale. Choopsa koposa chidachitika m'chaka cha 2017 m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, kumene amuna angapo adazi adaphedwa, ena a iwo ku Milange, kufupi ndi malire a Mulanje, chifukwa cha chikhulupiriro chabodza chakuti m'mutu mwa wadazi muli golide. Mawu aja timanena moseka akuti dazi ndi chuma adasanduka mpeni.

Wina angatsutse kuti maonekedwe ali ndi ntchito, ndipo akunena zoona. Mnyamata wa zaka 25 amene dazi lamuyamba, kapena mayi amene tsitsi lathothoka polandira mankhwala a khansa, amamva ululu weniweni mumtima, ndipo kumuuza kuti ndi nkhani yachabe n'kumunyoza kachiwiri. Palibe cholakwa kuvala duku, wigi kapena chipewa. Koma kudzikongoletsa n'kosiyana ndi kudzibisa. Wodzikongoletsa amavala chipewa chifukwa wachikonda; wodzibisa amachivala chifukwa ife tamuphunzitsa kuti mutu wake ndi wochititsa manyazi. Manyazi amenewo mlandu wake ndi wathu.

Makolo athu Achewa adaliona bwino funsoli. Maliro akatha, anamfedwa ankameta, wolemera ndi wosauka yemwe, ndipo panalibe woti ulemu wake wagwa pansi pamodzi ndi tsitsi. Namwali naye ankametedwa pachinamwali, natuluka m'tsimba ali ndi ulemu woposa umene adalowa nawo. Mwambowu ukutiphunzitsa kuti tsitsi ndi chovala chabe: limabwera, limapita, koma munthu amatsala. Chimene chimamupatsa ulemu ndi mawu ake oona, ntchito za manja ake ndi mmene amasungira anzake.

Tsono inu amene lero mukupesa tsitsi lakuda bii, musanaseke wadazi, yang'anani mitu ya atate anu ndi amalume anu, pakuti mwina mukuona kalilole wa mawa lanu. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ulemu umene mukumana wadazi lero ndi womwewo mudzaufune tsiku limene chipeso chidzayambe kubwerako chodzaza.