Kunja Kusanache

Inu amene tulo tinakuthawani tambala woyamba asanalire, ndikudziwa, mwachezera kuwerengera: ufa watsala pansi pa thumba, fizi ya mwana, ngongole ya ku banki mkhonde ikudikira Lachisanu. Mtima ukugunda ngati mwathamanga, chikhalirecho muli pamphasa.

Khalani tsonga kaye. Kokani mpweya pang'onopang'ono, muutulutse mosafulumira, kasanu. Pa zonsezo sankhanipo chimodzi chomwe manja anu angathe lero. Zinazo ziyambe zadikira.

Koma nkhawa ikatha miyezi, nsima osakoma, ntchito osagwirika, amenewo ndi matenda, ndipo amachizika. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu otere. Lero lomwe, chonde uzaniko munthu mmodzi amene mumamukhulupirira.