ZA MANKHWALA AKUPHA OSINTHA DZINA

Pali mankhwala dzina lace fentanyl, amene Paul Janssen anawapanga ku Belgium. M'dzanja la sing'anga wa ku cipatala ali cifundo ndithu, pakuti atonthoza wodwala wakumva zowawa zazikuru. Mphamvu yace iposa ya morphine monga ka 100. Koma anthu osirira cuma anayamba kuwapanga mobisika, nawasanganiza ndi heroin, kapena kuwaumba afanane ndi mapiritsi a ku cipatala. Mamiligalamu 2 okha akhoza kuletsa munthu kupuma, nagona iye osaukanso. Ku America caka ca 2022 anafa anthu oposa 70,000 ndi mankhwala a mtundu uwu.

Taonani kucenjera kwa oipawo. Boma likaletsa dzina limodzi, iwo asintha kacigawo kakang'ono m'mapangidwe ace, natula mankhwala atsopano amene lamulo silinawachule. Cifukwa cace dziko la China pa 1 May 2019 linamanga mtundu wonse wa fentanyl ndi lamulo limodzi. Kodi analeka? Iai! Anafukula ena ochedwa nitazene, opangidwa ku Switzerland zaka za m'ma 1950, amene sanaloledwe konse kuciritsa munthu. Britain anawaletsa caka ca 2024, naletsa mtundu wao wonse mu 2025.

Ife tiri nao ana athu ku Britain komweko, ndipo mtima suli pansi. Powalembera kalata tiwauze asalandire piritsi kwa mnzao, ngakhale liri ndi dzina lodziwika. Ndipo akapeza wina wakomoka, osapuma bwino, aitane thandizo msanga, pakuti alipo mankhwala ochedwa naloxone akubweza mpweya munthu asanatsirizike.