Kugwedeza Mutu ku Cairo

Liwu loyamba limene ndinatola mumsewu ku Cairo ndi "aiwa", kutanthauza inde. M'kalasi amatiphunzitsa "na'am", koma bambo wogulitsa ful, nyemba zophika zimene anthu amadya m'mawa ndi buledi wophwatalala, salankhula choncho. Chake ndi ammiya, Chiarabu cha kumsika, chimene chimameza zilembo zina ndi kusintha zina: khofi amene buku limati qahwa iye amati ahwa, ngamila ya jamal imasanduka gamal. Ine ndinafika ndi fusha, Chiarabu cha m'mabuku, basi. Akandifunsa kanthu mothamanga, ndinkangogwedeza mutu n'kuti aiwa.

Kodi limeneli ndi bodza? Poyamba ndinkati ayi. Kwathu mwana akamalangizidwa ndi wamkulu amayankha kuti "ndamva" ngakhale zina zamupita, ndipo timati ndi ulemu. Kudula wamkulu pakamwa kuti abwereze kumaoneka ngati mwano. Komanso pamzere wa anthu anjala othamangira kuntchito, ndani angafune kukhala mlendo wochedwetsa anzake?

Amene anandisokoneza maganizo ndi aphunzitsi anga a galamala. Tinkakumana masana pafupi ndi mzikiti wa al-Azhar, umene unayamba kumangidwa mu 970, n'kumawerenga Ajurrumiyya, kabuku ka Ibn Ajurrum wa ku Fez amene anamwalira mu 1323. Akamaliza ndime ankafunsa kuti "fahim?", wamva kodi. Ine mutu gwede. Tinayenda choncho masabata atatu. Tsiku lina anandiloza liwu n'kufunsa chifukwa chake likuthera ndi "u" osati "a". Ndinangoti kukamwa yasa. Sanakalipe. Anatsegulanso tsamba loyamba, tinayambiranso, ndipo chete wawoyo anandiwawa kuposa mawu.

Kwa masabata atatu munthu wamkulu ankamanga khoma pamaziko amene ine ndinamuuza kuti alipo. Nthawi imene inatayika inali yawo, ndipo ndinaitenga osapempha. Ulemu umene ndinkadzitama nawo sunkateteza iwo ayi. Unkateteza ine, kuti ndisaoneke mbuli. Zimanenedwa kuti Imam Malik wa ku Madina, amene anamwalira mu 795, ankayankha mafunso ambiri ndi mawu akuti sakudziwa, anthu atayenda ulendo wautali kudzamufunsa. Ngati iye sankachita nazo manyazi, ine wa chaka choyamba ndinkabisa chiyani?

Komabe sindikufuna kutaya zonse zimene anandilera nazo. Pali kugwedeza mutu kumene sikunena kuti "ndamvetsa" koma "ndili nanu, pitirizani", monga mmene timachitira pamaliro mayi wolira akamalankhula mawu osamveka. Kumeneko si kunama. Vuto limayamba pamene winayo watenga kugwedezako ngati yankho n'kuchitapo kanthu, iwe ukuona, osamuletsa.

Ndinkaganiza kuti kwa wogulitsa ful kulibe mlandu, poti ndikapatsidwa zosayenera wodya ndine. Koma m'mawa wina ndinalimba mtima n'kunena kuti "mish fahim", sindikumva. Bamboyo anaika chipande pansi, nabwereza pang'onopang'ono. Mafunso anali awiri. Loyamba linali la mafuta oti athire, ndipo ndinazindikira kuti miyezi yonseyi ndinkavomera zeit harr, mafuta oyabwa pakhosi amene sindiwakonda. Lachiwiri linali lakuti kwathu n'kuti. Funso limeneli anali atandifunsa kangapo, ndipo nthawi zonse ndinkamuyankha kuti inde.