Kodi Kuwombera Mbalame Yoweta Wekha Ndi Ulenje?

Pa 18 Disembala 1913, Mfumu George V ya ku Britain inapita ndi anzake kukawombera mbalame pa esiteti ya Hall Barn, kufupi ndi tauni ya Beaconsfield. Pamene dzuwa linkalowa, mbalame zamtundu wa fezanti zokwana 3,937 zinali zitagona pansi, ndipo zoposa 1,000 zinagwa ndi mfuti za mfumuyo. Akuti pobwerera kwawo mfumu inauza mwana wake kuti kapena tsiku limenelo anachita moonjeza. Ngati mtima wa mfumu yokonda mfuti chotere unagunda, ndiye kuti pali kanthu pamasewerawa koyenera kukalingalira mofatsa.

Fezanti ndi mbale wake wa nkhwali, koma msinkhu wake ndi wa nkhuku. Tambala wake ali ndi nthenga zonyezimira ndi mchira wautali. Kwawo kwenikweni ndi ku Asia, ndipo dzina lake linachokera ku mtsinje wa Phasis, m'dziko lomwe lero likutchedwa Georgia. Ku Britain ndi mlendo amene anakhazikika kalekale.

Chodabwitsa ndi chakuti unyinji wa mbalame zimene zimawomberedwa kumeneko sizibadwira m'tchire. Mazira amaswedwa m'makina. Anapiye akakwanitsa masabata 6 kapena 7 amawasamutsira m'makola a m'nkhalango, kumene mlonda amawathirira tirigu ndi kuwatchinjiriza ku nkhandwe. Chaka ndi chaka mbalame zoposa mamiliyoni 30 zimatulutsidwa motere. Nyengo yowombera imayamba pa 1 Okutobala ndi kutha pa 1 Febuluwale. Tsiku likafika, aganyu onyamula ndodo ndi timbendera amandanda m'nkhalango n'kumavumbulutsa mbalamezo kuti ziulukire kumene mabwana olipira ndalama zambiri aima chire ndi mfuti zawo. Agalu ndiwo amatola zakugwa. Wowomberayo sanalonde mapazi, sanabayidwe ndi minga, ndipo kawirikawiri amapita kwawo ndi mbalame ziwiri zokha.

Apa ndiye pagona funso. Mlenje wopita kuuzimba amadziwa kuti angathe kubwerako chimanjamanja. Nyama ili ndi miyendo ndi nzeru zake, iyenso ali ndi uta ndi luso lake, ndipo chomutulutsa m'nyumba ndi nkhuli kapena njala ya ana. Akapha, mnofu umagawidwa mpaka kwa nkhalamba yotsala pamudzi. Koma munthu akaweta mbalame, naidyetsa mpaka kuzolowera kuthamangira mluzu wa mlonda, kenaka naiopseza kuti iuluke n'cholinga choti aigwetse, ndiye kuti wasaka chiyani? Chimene iye wagula si ndiwo ayi, koma chisangalalo choona chamoyo chikupidiguka m'mlengalenga.

Komabe oikira kumbuyo masewerawa sayenera kunyozedwa asanamvedwe. Iwo amati eni minda amabzala mitengo ndi kusunga zitsamba chifukwa cha fezanti, ndipo mbalame zina zakutchire zimapezerapo pobisala ndi chakudya m'nyengo ya chisanu. Alonda, aganyu ndi eni nyumba zogona alendo kumidzi amapezerapo zofunika pamoyo. Mfundo yawo yolasa kwambiri ndi yokhudza nkhuku. Nkhuku yoweta mwamakono imakhala mothithikana m'khola kwa masabata ngati 6 basi n'kuphedwa isanapalasepo dothi, pamene fezanti imayendayenda m'nkhalango miyezi ingapo. Munthu amene amadya nkhuku yotere mosatekeseka alibe pakamwa podzudzulira wowombera fezanti. Mfundoyi ndi yovuta kuikana.

Chikhalirecho mfundoyi ikungoonetsa kuti nkhuku nayo ikuzunzika, siikuyeretsa mfuti. Kulakwa kwa mnansi sikusandutsa kulakwa kwa mwini kukhala chilungamo. Ndiponso pa mbalame zonse zotulutsidwa, zimene zimawomberedwa ndi pafupifupi imodzi mwa zitatu zilizonse. Zambiri mwa zotsalazo zimajiwa ndi nkhandwe, kugundidwa ndi magalimoto kapena kufa ndi matenda, pakuti zinaleredwa ngati za pakhomo ndipo tchire sizilidziwa. Zinanso zimangovulazidwa ndi zipolopolo n'kukafera kumene galu sanafike. Woweta nkhuku amawerengera imfa iliyonse ngati chitayiko, koma pamasewerawa imfa zosaonekazi zinawerengedwa kale pamtengo wa tsikulo.

Mbiri ya malamulo imaulula zina zimene eni masewerawa sakonda kukamba. Lamulo la 1828 linkati munthu wogwidwa kachitatu akusaka usiku pamalo a mwini angathe kutumizidwa kutsidya la nyanja kukagwira ukaidi zaka 7. Wogwidwayo nthawi zambiri ankakhala mmphawi wofuna ndiwo za banja lake, ndiye kuti yemwe cholinga chake chinali chofanana ndi cha mlenje weniweni ndi amene ankatchedwa mbala. Patangopita zaka zitatu, lamulo la 1831 linaletsa kuwombera fezanti pa Lamulungu ndi pa tsiku la Khirisimasi ku England ndi ku Wales, ndipo chiletsochi chilipobe. Aphungu a nthawi imeneyo anaona kuti phokoso la mfuti silikuyenerana ndi tsiku lopatulika. Za masiku enawo, kuyambira Lolemba kufika Loweruka, sanaonepo chovuta.